Mpira, babu ndi sipoko: mmene ntchito yoonetsa kusintha kwa nyengo ikuyendera

3 Febuluwale: zimene ndasonkhanitsa

Ndikupanga chitsanzo choti mwana aone ndi maso ake chifukwa chake padziko lapansi pali nyengo yotentha ndi yozizira. Ana ambiri, ngakhalenso akuluakulu opita kusukulu, ukawafunsa amati kumatentha dziko likayandikira dzuwa ndipo kumazizira likatalikira. Yankholi limamveka lanzeru, n'chifukwa chake silichoka msanga m'mutu. Koma likanakhala loona, bwenzi dziko lonse likutentha mwezi umodzimodzi. Chonsecho mu Disembala anthu a ku Cape Town amakhala akutuluka thukuta pamene a ku London akunjenjemera. Ndikufuna chinthu choti mwana achigwire, achisunthe, adzionere yekha pamene yankho lija likuperewera.

Ndili ndi mpira wamiyendo wakutha, sipoko za njinga, zidutswa za matabwa, ulusi, choko, mapini, tochi, pepala la timabokosi la masamu ndi choyezera madigiri cha m'bokosi la masamu. Zogula ndi babu, soketi yake ndi waya wamagetsi basi. Zina zonse n'zotola.

Dziko limadzizungulira kamodzi patsiku pa mzere wodutsa pakati pake, kuchokera ku North Pole (nsonga ya kumpoto) kukafika ku South Pole (nsonga ya kumwera). Mzere umenewu sunaime chilili panjira imene dziko limayendamo pozungulira dzuwa. Unapendekeka ndi madigiri 23.4. Pachitsanzo changa sipoko ndiyo mzerewo, ndipo ntchito yonse yagona pa kuipendeketsa molondola ndi kuisunga choncho.

6 Febuluwale: phazi lopendekeka

Kuboola thabwa mopendeketsa chobowolera ndi dzanja kwakanika. Chobowolera chimaterera chisanalume thabwa, ndipo bowo lililonse limatuluka ndi madigiri akeake ngakhale utaimika choyezera pambali. Thabwa labwino latha ndi mabowo.

Njira imene yagwira ndi yodula kathabwa kotsetsereka. Pansi pake masentimita 10, kumbuyo kwake msinkhu wa masentimita 4.3, ndiye kudula ndi sowo kuchoka pamwamba pamsinkhupo kutsikira kunsonga. Kutsetsereka kumene kumatulukapo kumayandikira kwambiri madigiri 23.4. Mukatero mugoneke kathabwako moti nkhope yotsetserekayo ikhale fulati, ndipo muboole molunjika pansi ngati mmene timaboolera thabwa lililonse. Mukakakhomera pathabwa lapansi, sipoko imapendekeka yokha. Guluu ndi misomali iwiri yaing'ono zakwanira.

10 Febuluwale: mpira wamiyendo wachotsedwa

Nditauboola unaphwa. Ndinauphatika mapepala m'kati, unalemera, sipoko inapindika. Vuto lalikulu linali lina. Ndinaika babu patebulo, masentimita 40 kuchokera pakati pa mpira, ndikuyembekeza kuti theka la mpira liwala, theka lina lichita mdima. Kuwala sikunafike theka. Kunaperewera ndi madigiri pafupifupi 16 mbali zonse, moti dera la kumpoto loyenera kuwala usana ndi usiku mu Juni linatsala kadontho pafupi ndi sipoko.

Chochititsa n'chakuti babu inali pafupi kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa mpira, choncho kuwala kumafika momwazika. Dzuwa lenileni lili kutali kwambiri moti kuwala kwake kumafika padziko kukuyenda mizere yofanana. Dziko likanakhala kampira ka masentimita 10, dzuwa likanakhala chimpira cha mamita pafupifupi 11 chili pamtunda woposa kilomita imodzi. M'nyumba zimenezo sizingatheke. Chimene chingatheke ndi kuchepetsa mpira ndi kutalikitsa babu. Ndagula kampira kapulasitiki kopepuka ka masentimita 10, ndipo babu ikakhala mita imodzi ndi theka kutali, kuperewera kuja kumatsikira pa madigiri awiri. Zimenezo ndazilola.

Penti yonyezimira musaiyerekeze. Imaphanimira m'maso ndipo malire a kuwala ndi mdima saoneka. Penti yamadzi yoyera yachita bwino.

Pakampira aka digiri imodzi ndi yochepera pang'ono milimita imodzi. Ndajambula Equator pakati, Tropic of Cancer masentimita awiri kumpoto kwake, Tropic of Capricorn masentimita awiri kumwera. Arctic Circle ndi Antarctic Circle zili masentimita awiri kuchokera pamene sipoko yatulukira. London, amene ali pa madigiri 51.5 kumpoto, wagwera masentimita 4.5 pamwamba pa Equator, ndipo Cape Town, pa madigiri 34 kumwera, masentimita atatu pansi pake. Kuti mzere uzungulire bwino, gwirani cholembera chiime nji, muzizunguza mpirawo.

14 Febuluwale: njira yozungulira dzuwa

Apa zinthu zayenda bwino kuposa mmene ndimaganizira. Mtunda wa pakati pa dziko ndi dzuwa ndi makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Nditatenga sentimita imodzi kuimira makilomita miliyoni imodzi, njira yonse yakwana m'chipinda cha mamita atatu ndi pang'ono. Ndinamanga choko kuchingwe, mnzanga anagwira mbali ina pakati, ndinajambula mzere wozungulira pansi. Kenako ndinasuntha babu kuchoka pakati penipeni ndi masentimita awiri ndi theka. Tsopano mbali imodzi ya njirayo ili masentimita 147 kuchokera pababu, mbali inayo 152. Ndi mmene zililidi. Kumayambiriro kwa Januwale dziko limakhala pafupi kwambiri ndi dzuwa, makilomita 147.1 miliyoni, ndipo kumayambiriro kwa Julayi limakhala kutali kwambiri, makilomita 152.1 miliyoni.

Ukaima pakhomo n'kuyang'ana pansipo, sungazindikire kuti babu sili pakati. Mabuku ambiri amajambula njirayi itaphwatalala ngati dzira, ndipo ine ndikuona kuti chithunzi chimenecho ndicho chimadzala maganizo a kuyandikira ndi kutalikira aja. Mwana ayenera kuyeza yekha ndi tepi, aone kuti kusiyana kwake ndi masentimita asanu okha, aonenso kuti Januwale, mwezi wa chisanu ku London ndi ku Moscow, ndi umene wagwera pafupi ndi babu.

Zovuta zinali ziwiri. Babu inali pamwamba kuposa mpira, choncho kumpoto kumawala mopitirira kulikonse kumene ndaika mpira. Pakati pa babu payenera kufanana msinkhu ndi pakati pa mpira, ndipo ndadula thabwa la soketi mpaka zafanana. Chachiwiri, makoma oyera amabweza kuwala, mbali ya usiku imayera mbee. Ndapachika nsalu zakuda ndi mabulangete m'makoma, ndipo ndikugwira ntchitoyi kukada.

18 Febuluwale: sipoko ikutembenuka ndi woinyamula

Ndinapatsa mwana phazi lija kuti ayende nalo kuzungulira babu. Anayenda maso ali pababu, monga aliyense angachitire, ndipo thupi lake potembenuka limatembenuzanso phazilo. Nsonga ya sipoko inaweramira kubabu ulendo wonse. Pachitsanzo chotere kumpoto kumakhala nyengo yotentha chaka chonse, kumwera chisanu chosatha, ndipo nyengo sisintha ngakhale mpira uli wopendekeka bwinobwino ndi madigiri 23.4.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo sindifuna kuti wina aliyense wopanga chitsanzochi apalumphe. Kupendekeka pakokha sikubweretsa nyengo. Chimene chimabweretsa nyengo n'chakuti mzere wa dziko umaloza mbali imodzimodzi chaka chonse, kunyenyezi yotchedwa Polaris, dziko lili uku likuyenda kuzungulira dzuwa. Pa 21 Juni dziko limakhala mbali imene North Pole yaweramira kudzuwa. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi limakhala tsidya lina la njira, mzere uja ukulozabe komwe kuja, ndiye North Pole yafulatira dzuwa ndipo South Pole ndiyo yaweramirako. Dziko silinagwedezeke, langosintha malo.

Poyamba ndinamata kanyenyezi kapepala pakhoma kuti sipoko iziloza pamenepo. Sizinathandize, chifukwa khoma lili pafupi ndipo ukasuntha mamita atatu, polozera pamasinthanso. Polaris ili kutali moti kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 400 kuti kutifike, n'chifukwa chake kuyenda kwa dziko sikusintha kanthu. Ndachotsa kanyenyeziko. M'malo mwake ndajambula pansi timizere ta choko pamalo anayi, pa Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala, tonse toyenda mofanana ndi khoma limodzi. Paphazi ndajambula muvi. Lamulo ndi limodzi: muvi ugone pakamzere, uloze khoma lomwelo, kulikonse kumene waika phazi.

21 Febuluwale: mkono ndi lamba zasiyidwa

Ndinayesa kuti zonse ziziyenda zokha. Thabwa lalitali lozungulira pabawuti, timawilo tiwiri tofanana kukula, kena kokhomeredwa pakati kosayenda, kena kunsonga konyamula mpira, ndi lamba wodula kuchubu cha njinga wolumikiza tiwirito. Nzeru yake ndi yoona, mkono ukamazungulira kawilo kakunsonga kamasunga mbali imene kaloza. Koma lamba wachubu amatamuka n'kuterera, ndipo pofika pa Disembala sipoko imakhala itapotoka kale. Thabwa la mita imodzi ndi theka limagweranso pansi kunsonga. Ndalama zambiri pantchito yonseyi zapita apa, pamabawuti ndi mawashala, ndipo sizinabweze kanthu.

Ndazisiya, ndipo sindikuona chotayika. Mwana akaika yekha muvi pakamzere, amadziwa kuti pali chinthu chimene akuchisunga dala. Makina akanamubisira zimenezo.

25 Febuluwale: kuyeza usana ndi ulusi

Babu yoyera ngati mkaka ija imachititsa malire a mdima kukhala osadziwika bwino. Ndagula ina yagalasi loonekera, ya kawaya kakang'ono m'kati, ndipo malire aoneka bwino.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Zunguliza ulusi pamzere wa London, lemba madontho awiri pamene kuwala kwathera, vula ulusiwo, yeza gawo lowala, gawa ndi utali wa ulusi wonse, chulukitsa ndi 24. Pa Juni ndapeza maola pafupifupi 16, pa Disembala maola 7 ndi pang'ono. Kwenikweni London amakhala ndi usana wa maola 16 ndi mphindi 38 pa tsiku lalitali kwambiri, ndi maola 7 ndi mphindi 50 pa lalifupi kwambiri. Chitsanzo chikuperewera pang'ono chifukwa cha madigiri awiri aja, komanso chifukwa mpweya wa dziko umapinda kuwala n'kuonetsa dzuwa lisanatuluke kwenikweni. Cape Town watembenuza zonse: maola pafupifupi 14 pa Disembala, osakwana 10 pa Juni. Pa Equator ulusi umagawika pakati kulikonse kumene ndaika mpira, ndipo n'chifukwa chake ku Quito ndi ku Singapore usana umakhala wa maola pafupifupi 12 chaka chonse.

Chimene ana achikonda ndi pini imene ndabaya kumtunda kwa Arctic Circle. Pa Juni ukazunguza mpira, piniyo simalowa mumdima n'komwe. Chithunzithunzi chake chimangoizungulira. Ku Tromsø, m'dziko la Norway, dzuwa sililowa kuyambira chakumapeto kwa Meyi mpaka chakumapeto kwa Julayi, ndipo m'nyengo ya chisanu limatha milungu yambiri osatuluka. Mapini ena ndabaya pakati pa Tropic ziwirizi. Ukamayenda ndi mpira pang'onopang'ono, chithunzithunzi cha pini yotere chimatheratu masana kawiri paulendo umodzi, chifukwa m'madera amenewa dzuwa limafika paliwombo kawiri pachaka. Mvula ya m'madera otentha imatsatira ulendo wa dzuwa umenewu, kupita kumpoto ndi kubwerera kumwera, koma chitsanzo changa sichingaonetse mitambo.

Ndapanganso phazi lina losapendekeka, sipoko itaima chilili. Pamenepa ulusi uliwonse umagawika pakati pamalo onse anayi, ndipo zithunzithunzi za mapini sizisintha. Phazi limeneli ndi lofunika ngati loyamba lija. Mwa mapulaneti ena ozungulira dzuwa, Jupiter ali pafupifupi choncho, wapendekeka ndi madigiri atatu okha. Mars wapendekeka ndi 25 ndipo ali ndi nyengo zake. Uranus ndiye anagoneratu chammbali, madigiri 98, ndipo poti amatenga zaka 84 kuzungulira dzuwa, nsonga yake iliyonse imakhala zaka pafupifupi 42 powala ndi 42 mumdima. Ndinagoneka sipoko pamabuku kuti tiyese zimenezi.

2 Malichi: tochi, pepala ndi kasola

Utali wa usana ndi theka la nkhani. Theka lina ndi mmene kuwala kumagwera pansi, kaya molunjika kaya mopendekeka. Tochi yokha imamwaza kuwala kwambiri, choncho ndinaiveka kachubu ka katoni kunsonga kuti ituluke nthongo yooneka malire. Ndinaimangirira pandodo kuti mtunda wake kuchoka papepala usasinthe, chifukwa ndi dzanja mtunda umasinthasintha ndipo timabokosi sitiwerengeka.

Tochi ikaloza pansi molunjika, kuwala kumadzaza kabwalo kakang'ono kowala kwambiri. Ikatsika kufika madigiri 30 kuchoka pansi, kuwala komweko kumafalikira pamalo owirikiza kawiri. Pa madigiri 15 malowo amakula pafupifupi kanayi, ndipo pepala limaoneka lotuwa. Tochi ndi yomweyo, mabatire omwewo, koma kabokosi kalikonse kalandira gawo lochepa.

Ndinachotsa kasola panyali yowonongeka n'kukalumikiza kumita yoyezera magetsi imene ndinabwereka. Poyesa ndi babu manambala amavinavina, koma padzuwa anakhazikika. Muyeze mphamvu yoyenda (ma-ampu), osati mavoti, chifukwa mavoti sasintha kwenikweni ukapendeketsa sola. Kasola koyang'ana dzuwa maso ndi maso kanapereka nambala yake, ndipo nditakapendeketsa ndi madigiri 60 nambalayo inatsika pafupifupi ndi theka.

Tsopano manambala akhoza kuikidwa pamodzi. Ku London dzuwa la masana limakwera madigiri 62 mu Juni, ndipo mu Disembala limangofika 15. Ndiye kuti mita imodzi ya nthaka imalandira kuwala koposa katatu masana a Juni, tisanawerengere kuti kuwala kopendekeka kumadutsa mumpweya wochuluka, ndipo usana wakenso ndi wautali koposa kawiri. Kuyandikira dzuwa kwa mu Januwale kumangowonjezera kuwala ndi pafupifupi 7 peresenti. Palibe mpikisano pamenepa.

9 Malichi: mchenga ndi madzi

Mwana wina anafunsa funso labwino: ngati tsiku lalitali kumpoto ndi 21 Juni, bwanji kumatentha kwambiri mu Julayi ndi Ogasiti? Mpira sungayankhe zimenezo, choncho ndatenga zitini ziwiri zofanana, ndazipaka penti yakuda, china mchenga wouma, china madzi olemera chimodzimodzi.

Babu situlutsa kutentha kokwanira, ndiye zitini zapita padzuwa. Choyezera kutentha kwa thupi sichigwira ntchito apa, chimathera pa madigiri 42 ndipo mchenga unachipitirira msanga. Ndabwereka chagalasi chachitali cha m'chipinda cha sayansi. Mchenga unatentha mofulumira moti sumagwirika, madzi akadali ofunda chabe. Nditalowetsa zitini mumthunzi, mchenga unazizira msanga pamene madzi anasungabe kutentha kwake mpaka madzulo. Madzi amafuna kutentha kochuluka pafupifupi kasanu kuposa mchenga wouma kuti akwere digiri imodzi. Nyanja zimachedwa kutentha, zimachedwanso kuzizira, ndipo nyengo imatsalira m'mbuyo mwa dzuwa ndi milungu ingapo.

Zimenezi zikufotokozanso chinthu chimene chimadabwitsa anthu. Dziko lonse ukaliphatikiza limatentha kwambiri mu Julayi, nthawi imene lili kutali ndi dzuwa. Mtunda wambiri uli kumpoto kwa Equator, ndipo mtunda umatentha msanga ngati mchenga uja. Kumwera, magawo anayi mwa asanu ndi nyanja.

Ndanena kwa ana kuti sipoko imaloza kumodzi, ndipo pa moyo wa munthu zimenezo n'zoona. Pa zaka zikwizikwi imasintha. Kupendekeka kumayendayenda pakati pa madigiri 22.1 ndi 24.5 pa zaka 41,000, ndipo kumene mzerewo ukuloza kumazungulira kamodzi pa zaka pafupifupi 26,000. Milutin Milanković wa ku Serbia ndiye anawerengera mmene kusintha kotereku kumakhudzira nthawi zimene madzi oundana amakuta mbali yaikulu ya dziko. Sindinaike zimenezi pachitsanzo, zingasokoneze amene akungoyamba kumene.

20 Malichi: kuyesa panja

Tsiku lino, kapena mawa lake zaka zina, dzuwa limakhala paliwombo pa Equator, ndipo usana ndi usiku zimatsala pang'ono kufanana padziko lonse. Ndi tsiku labwino loyesera ngati mpira ukunena zoona. Ndazika ndodo ya mita imodzi pamalo osalala, ndaiwongola ndi chingwe chomangirira mwala. Nsonga yake yobuntha imapereka chithunzithunzi chosaoneka pothera, choncho ndakhomapo msomali. M'mawa mphepo inaipendeketsa, ndinaizikanso m'chitini cha miyala n'kuyambiranso.

Kanthawi kalikonse ndimabaya kamsomali pansi pamene chithunzithunzi chathera. Mitambo inabisa dzuwa kwa nthawi ndithu chakumasana, koma misomali imene ilipo yandandalika mzere wowongoka kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa. Masiku ena onse, kupatula cha pa 23 Seputembala, mzerewo umakhota. Pampira mapini amachita chimodzimodzi ukauika pa Malichi.

Chithunzithunzi chachifupi kwambiri sichinabwere 12 koloko ya pawotchi. Masana a dzuwa ndi masana a wotchi zimasiyana, malingana ndi pamene muli m'chigawo chanu cha nthawi komanso mwezi wake, choncho musadalire wotchi, dikirani chithunzithunzi chisiye kufupika. Pa nthawi imeneyo ndinakoka ulusi kuchoka pamsomali wa pansonga kufika pothera chithunzithunzi, n'kuyeza madigiri a pakati pa ulusi ndi ndodo. Pa tsiku ngati lino nambala imeneyo imafanana ndi madigiri a mtunda wa malo anu kuchokera pa Equator. Yanga yasiyana ndi ya pamapu ndi digiri imodzi. Ndi chithunzithunzi chotere chimene Eratosthenes, katswiri wachigiriki wakale, anayeza ku Alexandria m'dziko la Iguputo cha m'ma 240 B.C., n'kupeza madigiri 7.2 pa tsiku limene dzuwa linali paliwombo ku Syene, mzinda wa kumwera kwa Alexandria, ndipo anawerengera nacho kukula kwa dziko.

Ndodo ndaisiya pomwepo, ndithira simenti m'chitinimo kuti isasunthe. Ndidzayezanso pa 21 Juni ndi pa 21 Disembala. Madigiri a masiku awiriwo ayenera kusiyana ndi 46.8, kuwirikiza kawiri kupendekeka kwa dziko. Amene muli pakati pa Tropic ziwiri zija, chithunzithunzi chidzagwera kumwera mu Juni ndi kumpoto mu Disembala, choncho manambala anu muwaphatikize, osachotsera. Pampira patsala ntchito imodzi: bowo la pulasitiki lakula ndi kuzunguzazunguza, mpira wayamba kugwedera pasipoko, ndipo ndilowetsamo kachubu ka bolopeni yakutha n'kukamata ndi guluu.